Makina a ku Positi Akukana Chala Changa

Lolemba

Mvula yagwa dzulo. Yeniyeni, yodzalira. Ndaponda m'munda phazi lalowa mpaka m'kakolo. Mudzi wonse uli ndi makasu. Ine mbewu ndilibe!

Ndalama za mbewu zilipo, koma zili ku positi. Buku ndinatsegula chaka chatha nditangotuluka m'chikuta ndi Tadala, chiswe chitandidyera zimene ndinkasunga m'chitini. Za nandolo ndinakaika komweko. Zimene bambo ake Tadala amabwera nazo kuchokera ku nyanja ya Chiuta, kumene akupha matemba, komwekonso. Poika safunsa kanthu, amangolandira n'kumwetulira. Kutapa ndiye sindinatapepo. Lero koyamba.

Tadala kumsana, kabaza, matope. Ku positi mzere watuluka panja, agogo okhaokha odzalandira zawo. Ndafika pawindo dzuwa lili pamutu. Achimwene a pawindopo thukuta lili kamukamu. Ndapereka buku, ndapereka chitupa. Akankha kabokosi kakuda kokhala ndi kagalasi pamwamba. "Ikani chala chachikulu apa."

Ndaika. Kayaka mofiira.

Ndapukuta pachitenje. Mofiira.

Ndachinyambita pang'ono anthu asakuona. Mofiira!

"Tione." Achitembenuza ngati akusankha tomato. "Mayi, chala ichi chatha ngati tayala la kabaza. Mumaumba njerwa?" Eya. Ganyu wa njerwa chilimwe chonse, kenako khasu. Akuti makinawo amawerenga timizere ta pachala, ndiye tanga tafufutika. Akuti ndikachipumitse, ndizichidzola mafuta, ndibwere Loweruka, amatseka masana. Ndisanafunse kanthu akuti, "Wotsatira!"

Sindikumvetsa. Nkhope ya pachitupa ndi yanga. Buku ndi langa. Ine ndaima pomwepo, ndikupuma. Koma kabokosi kakuti si ine. Nanga ndine ndani?

Pobwerera ndadutsa kusitolo ya mbewu pa Ulongwe kungoona. Yocha msanga ilipo, koma anthu akunyamula ngati yaulere.

Chaka chatha ndinadzala mochedwa. Nthawi ya njala mkaka unayamba kuphwa. Kusikelo anamuyeza Tadala pamkono ndi kalamba kaja, kanafika pofiira, anatipatsa chiponde. Sindikufuna kukaonanso kalamba kameneko. Iyayi.

Zochita mpaka Loweruka:
- chala chisagwire khasu
- chisagwire phulusa, chisagwire sopo
- mafuta m'mawa, masana, madzulo
- ntchito zonse ndi dzanja lamanzere
- osauza munthu

Lachiwiri

Ndachidzola mafuta, ndachikulunga ndi kansalu ka thewera lakale la Tadala. Chakula ngati mbatata.

Zoti osauza munthu zatha dzuwa lisanatuluke. Amayi aona, ndawauza. Amayi apita kukapala moto kwa Abiti Saidi, oyandikana nafe, ogulitsa mandasi. Abwera onse awiri, moto aiwala.

Malangizo alero:
- amayi akuti mafuta a nsatsi, ndi amene ankatidzola tili ana
- Abiti Saidi akuti iyayi, mafuta otsala m'chiwaya cha mandasi, tiwaone manja awo mmene akusalalira
- mayi wina wongodutsa, sindikuwadziwa n'komwe, akuti ndiviike m'madzi a therere

Ndachita zonse. Sindikudziwa choona ndi chiti, ndiye china chigwire.

Kumunsi kwa munda mizere sinathe. Ndapita. Khasu ndi dzanja lamanzere, lamanja likungothandiza ndi mkono, chala chili m'mwamba ngati ndikuimitsa minibasi. Khasu likupita komwe likufuna. Amayi aima pachulu akuyang'ana. "Iwe, mzere umenewu ukupita kuti? Ku Mozambiki?"

Masana ndagoneka Tadala pamkeka, inenso tulo tandiba pang'ono. Ndadzuka nyerere zili yakaliyakali pakansalu, zatsata mandasi. Ndasasa, ndamanganso. Mbuzi ya amayi yanditsatira mpaka kuchimbudzi ikununkhiza dzanja.

Chimene chikundisowetsa mtendere ndi ichi. Timizereti timaphukanso ngati udzu? Tikaphuka, tidzaphuka tomwe tija kapena tina tatsopano? Nanga tikaphuka tina, kabokosi kadzati ndine munthu wachitatu? Ndafunsa amayi. Akuti iwo chibadwire sanayang'anepo chala chawo, analibe nthawi.

Matewera ndachapa ndi dzanja limodzi ndi phazi. Sanayere.

Kwa Abiti Saidi amaliza kudzala. Kwa anzathu a kutsidya amaliza. Ndikumva anthu akubwera kumunda akuseka.

Lachitatu

Ndalakwa. Ndalakwa kwambiri!

Abwera amalume, achimwene awo a amayi, eni mbumba. Ndayala mkeka, ndatunga madzi m'kapu yabwino ija, ndagwada. Ndapereka. Ndi dzanja lamanzere.

Sindinaganize n'komwe, dzanja lazolowera masiku awiri okha. Amalume ayang'ana kapu, ayang'ana ine, ayang'ana amayi. Salandira. Nkhuku nazo zinachita ngati zasiya kulira.

"Mlongo, ine pakhomo pano ndasanduka galu liti?"

Amayi akupepesa, ine ndikupepesa, ndasinthira kapu kumanja, yaterera ndi nsatsi, madzi onse pathalauza lawo. Mayo!

Ndafotokoza zonse. Mmalo moti zichepe zakula. Milandu yatuluka:
- kupereka madzi ndi lamanzere
- thalauza
- kutsegula buku ku positi eni mbumba osadziwa

Akuti masiku awo ku positi kunali buku, chidindo ndi inki. Umadinda chala, basi. "Inki sinkakana munthu. Wakhate amene ankalandira." Kenako atsitsa mawu. "Kuwala kofiirako iwe ukuganiza ndi chiyani? Kagalasi kofuna nyama ya munthu ikhudze? Chala chatha, chatha ndi njerwa kapena achiyamwa?"

Amayi akuti asamuopseze mwana. Koma amalume atangotembenuka, amayi omwewo akundinong'oneza, "Potuluka ku positiko sunamve chizungulire?"

Ndinamva! Koma ndinali ndisanadye chidzukire. Koma ndinamva.

Amalume apita ndi mazira onse a nkhuku yathu yoyera, akuti mtima wawo utsike.

Tsopano ndili ndi mantha awiri. Kabokosi kakandikana, mbewu palibe. Kakandilola, ndiye kuti kapeza chimene kakufuna? Nanga agogo onse aja amaika zala mwezi ndi mwezi, magazi amawatenga kuti? Ena aja ngowuma kale ngati nkhuni. Kapena n'chifukwa chake? Sindikudziwa. Sindikudziwa!

Ndayang'ana m'maso mwanga pagalasi. Ngoyera pang'ono. Kapena ndi galasilo.

Dzanja lamanzere latuluka matuza awiri. Bola lamanja likupuma.

Lachinayi

Dzuwa lawala moopsa. Pamwamba pa nthaka payamba kuuma. Ndakumba ndi kamtengo, pansi chinyezi chikadalipo. Dikira, nthaka iwe, dikira.

Kumjigo nkhani yafika ine ndisanafike. Ndangotula chidebe onse zii. Mnzanga amene tinkakhala benchi limodzi kusukulu wandikokera pambali, wandiuza zimene zikumveka:
- akuti makina a ku positi anandiluma
- akuti ndatemera mphini za chuma, n'chifukwa chake sindikugwira kanthu
- akuti ndili ndi pakati pena ndiye ndikuzemba ntchito

Pakati ndi chala zikugwirizana bwanji? Ndipo chuma chake chiti, ine wochapa matewera ndi phazi?

Mjigo ndapopa ndi lamanzere. Thuza limodzi laphulika.

Masana kumapemphero a amayi kutchalitchi. Ndimati ndikhale kumbuyo, dzanja m'chitenje. Amayi apampando andiona. "Make Tadala, bwerani kutsogolo, tamva." Amasula kansalu. Agwira chala ndi manja awo onse awiri, manja okhakhala ngati chitsononkho. Ayamba kupemphera. Akamati "tulukani" akufinya, akamati "masulani" akupotokola. Pemphero lalitali, lafika mpaka kwa odwala a kuchipatala ndi ana olemba mayeso, chala changa chili momwemo. Ine maso otseka, mumtima ndikupemphera langa, loti asiye.

Pomaliza mafuta onse a masiku atatu ali m'manja mwawo. Adzola kumaso.

Potuluka a Nasibeko, mayi wamasiye wa m'mudzi mwathu, andigwira paphewa. Akuti amuna awo atamwalira buku lawo linavuta, panafunika makalata, kupita n'kubwera. "Ndinawafunsa kuti, kodi mukufuna tikafukule tibwere nacho chalacho?" Onse aseka mpaka kugwira m'nthiti. Inenso ndaseka. Koma panjira ndayamba kuganiza. Ine ndili moyo zikuvuta chonchi. Nditafa Tadala angatape bwanji? Kachala kake n'kochepa ngati nyemba. Kali ndi timizere? Ndakayang'ana ali mtulo. Tilipo! Tooneka bwinobwino. Mwana wosagwira khasu.

Kunyumba amayi akuti ndingopita kwa Abiti Saidi ndikapemphe mbewu yotsala. Ndapita. Yatsala yodzaza dzanja limodzi, akusungira kupachiza. Andipatsa mandasi awiri ndi mafuta ena.

Lachisanu

Wadutsa bambo wa njinga wogula nsomba ku Chiuta, ali ndi uthenga wa bambo ake Tadala. Akuti panyanja mphepo, matemba athawira mbali ya Mozambiki, mwezi uno asayembekezeke. Akuti, "Adzale msanga, ndalama si zili ku positi?"

Si zili ku positi. Eya. Zilipo ndithu.

Bamboyo akuyang'ana kansalu. "Ndikawauze chiyani?" Ndati akawauze kuti tili bwino tonse. Ndingayambire pati? Kuti mkazi wanu makina akumukana?

Akutinso kusitolo pa Ulongwe mbewu yocha msanga yatsala pang'ono, mwini sitolo akuti galimoto ina sakudziwa kuti ibwera liti.

Dzanja lamanzere lero:
- thuza lachiwiri laphulika
- ndasenda chinangwa, mpeni waterera, walowa pachala chachikulu
- ndavundukula poto, chivundikiro chotentha, chala chomwecho

Amayi akuti ndili ngati munthu wobwereka manja.

Madzulo tamasula chamanja kuti tione. Choyera! Chofewa, chamakwinya, ngati chakhala m'madzi sabata yonse. Sichikufanana ndi zinzake. Chikuoneka ngati chala cha mlendo, cha munthu wa muofesi. Tapaka mwaye wa pansi pa poto, ndadinda pachikuto cha buku lakusikelo. Kwatuluka chinthu. Amayi akuti akuona timizere. Abiti Saidi akuti akuona nsikidzi yopondedwa. Ine ndikatseka diso limodzi ndikuona timizere.

Mtima unayamba kukhala pansi. Ndasambitsa chala, ndanyamula Tadala kuti ayamwe. Akumera mano, chilichonse n'cholowetsa m'kamwa. Wamva fungo la mandasi.

Waluma!

Mano awiri okha ali nawo, onse alowa. Pakati penipeni! Ndakuwa, iye walira, amayi abwera akuthamanga ndi mthiko akuganiza njoka. Magazi sanatuluke, koma pali timaenje tiwiri. Ndikuwuzira, ndikusisita, ndikudzola. Mwana iwe, zonsezi ndikuchitira iwe!

Mawa ndilawira. Ndidya kaye, tione ngati chizungulire chibwerenso. Buku ndi chitupa ndamanga kale pakona pa chitenje. Ambuye, kayake mobiriwira.

Loweruka

Ndalawira ndithu. Pakabaza dzanja lamanja ndaliika pamutu kuti lisagunde kanthu. Wakabaza wafunsa ngati ndikupita kumaliro.

Mzere waufupi. Timaenje ta mano tatha usiku, zikomo. Pawindo lero si achimwene aja, ndi amayi ena a magalasi, odekha. Ndapereka buku, chitupa. Ndamasula kansalu pang'onopang'ono. Anthu a pamzere akusuzumira. Chala chikuwala.

Ndaika.

Mofiira.

Ndaikanso. Mofiira.

Ndayamba kulankhula zosadziwa, za nsatsi, za therere, za mbuzi, za mapemphero. Amayiwo akungomvetsera. Kenako atembenukira pakompyuta yawo, adina, ayandikiza magalasi.

"Mayi, koma inu potsegula buku munadinda chamanzere."

Chamanzere?

"Palembedwa apa. Chachikulu, chamanzere."

Ndati iyayi, sizingatheke, munthu angapereke bwanji dzanja lamanzere muofesi? Ndikulankhula choncho zikubwera m'mutu. Tsiku lija. Tadala ali wofiira, wa masabata ochepa, akulira kuti anthu onse akutiyang'ana. Ndinamuika kubere pawindo pomwepa, mutu wake uli pamkono wamanja. Anati ikani chala. Ndinapereka dzanja limene linalibe mwana.

"Lolemba munayesa chamanzere?"

Sindinayese. Anati chala chachikulu, ndinapereka chaulemu.

"Tiyeni tiyese."

Ndatulutsa lamanzere. Amayiwo avula magalasi. Matuza ophulika, chilonda cha mpeni, khungu lopsa losupuka. "Kodi kwanu kunali nkhondo?"

Ndaika. Kabokosi kaganiza nthawi yaitali kuposa masiku onse. Ndinayamba kuyembekezera. Mofiira.

Bambo wina kumbuyo waseka, mkazi wake wamugunda ndi chigongono. Amayi a pawindo sanaseke, kapena anasekera m'mimba. Akuti Lolemba lija mwina chikanatheka, mwina iyayi, sangadziwe. Akuti ndisalire, ndalama zanga zilipo zonse, palibe wazikhudza. Akuti zala zikhoza kujambulidwanso zatsopano, koma wojambulayo amachokera ku boma, abwera sabata ya mawa ikatha. Andilemba dzina. Akuti mpaka tsikulo ndisamale manja.

Ati manja. Onse awiri. Nyengo yodzala!

Ndafunsa ngati kuwala kofiirako kumatenga magazi. Apa ndiye aseka. Aika chala chawo, kayaka mofiira. "Onani, inenso kakundikana. Ndikanauma kalekale."

Kusitolo pa Ulongwe ndafika bambo wina akumanga mapaketi omaliza pakaliyala. Ndaima ndikuyang'ana mpaka wakhota. Mwini sitolo akuti yatsala mbewu ya mpiru.

Chizungulire sichinabwere. Ndabwerera wapansi, ya kabaza yatha.

Lamulungu

Kutchalitchi amayi apampando aimirira kuthokoza kuti chala cha make Tadala chachira, onani mmene chayerera. Anthu aomba m'manja. Ine ndangoweramitsa mutu.

Kwa Abiti Saidi chimanga chamera, chili nyomi ngati masingano. Ndadutsa osayang'anitsitsa.

Dzulo madzulo kwagwa kamvula kena. Nthaka yafewanso. Sidikiranso kachitatu.

Titaweruka amayi anga akwera pampando m'khitchini, atsitsa chimanga chamakolo chimene anapachika kudenga pamwamba pa moto. Chakuda ndi utsi, cholimba ngati miyala. Ankasungira munda wawo, akuti tigawana. Chimenechi chimacha mochedwa, ndikudziwa, iwonso akudziwa. Anzathu azidzakazinga chatsopano ife tikuyang'ana ngayaye. Amayi akuti tidzala maungu m'mizere, ndi mbatata kudambo, zidzatiolotsa. Ndalama zikadzatuluka tidzagula chimanga chodya, ngati sichidzakhala chitakwera. Ndagwira mkono wa Tadala, ndauzunguliza ndi zala. Panopa ngonenepa. Ndingoyang'anira.

Aika lichero pakati pathu. Kutonola. Ndaiwala kuti chimanga chimatonoledwa ndi chala chachikulu.

Ndayang'ana chamanzere, chilonda chokhachokha. Ndayang'ana chamanja, choyera, chofewa, chodya mafuta sabata yonse osagwira kanthu. Amayi a ku positi anati manja onse awiri. Ndawauza amayi anga. Akungotonola, osadzutsa mutu.

Ndayamba ndi chamanja. Chitsononkho choyamba chisanathe khungu lasupuka ngati la tomato wakupsa. Chikuwawa kuposa chinzake. Wojambula wa ku boma adzajambula zimene adzapeze.

Ndaima pang'ono kuti ndichiwuzire. Amayi andiponyera china pamiyendo.

"Tonola, iwe, mawa tilawire. Mbewu iyi sifunsa kuti ndiwe ndani."